Ndale Pakhomo la Sukulu

Pa 8 September, 2009, makolo ena ku America adaletsa ana ao kupita ku sukulu. Chifukwa chake? Tsikulo Barack Obama, Pulezidenti wa nthaŵiyo, adaali kulankhula kwa ana a dziko lonse kuchokera pa sukulu ya Wakefield, ku Virginia.

Mau ake adaali a kholo lililonse: limbikirani, musasiye sukulu. Koma Unduna wa Maphunziro udaakolezeratu moto pouza aphunzitsi kuti ana alembe m'mene angathandizire Pulezidenti. A Republican adati n'kudyetsa ana ndale, ndipo Undunawo udasintha mauwo.

Komatu mu 1991, George H. W. Bush wa Republican atalankhula pa sukulu ya Alice Deal, ku Washington, olira adaali a Democrat.