Kusoka chofunda cha zidutswa osapindika

Ine si telala ayi, ndine mlimi wa mbatata ndi chimanga, koma tikamaliza kukolola ndimakhala pa makina. Kuzizira kwa kuno ku Angónia mu June ndi July mukukudziwa, ndipo bulangeti lagona pa ndalama. Ndiye ndinatolera zidutswa za kapulana kuti ndisokere ana chofunda.

Choyamba chija ndinachita nacho manyazi. Ndinadula nsalu zazitalizitali, nkumalumikiza imodzi ndi inzake, nthawi zonse kuyambira mutu womwewo. Pofika ya khumi chinthu chonse chinali chitapindika ngati uta. Kuchiyala pamphasa, osagona. Ndinasomola usiku wonse.

Vuto lake ndi ili. Timano ta makina tija timakoka nsalu yapansi msanga kuposa yapamwamba. Pa msoko umodzi simuona kanthu, koma misoko ikachuluka yolowera mbali imodzi, kupindikako kumaunjikana. Tsono msoko woyamba yambirani kumtunda, wachiwiri tembenuzani muyambire kumunsi, choncho basi. Ine ndimabaya pini kumutu komwe ndayambira, chifukwa mwana akangolira ndimaiwala. Komanso lumikizani ziwiriziwiri kaye, kenako muphatikize zomwe mwasokazo. Musamakoke nsalu posoka, manja angoiongolera.

Kudula nako kuli ndi nkhani. Kapulana yatsopano ichapeni kaye, imafupika. Dulani motsata utali wake, mbali ya mamita awiri ija, chifukwa kumeneko sikutamuka kwenikweni. M'lifupi imatamukako pang'ono, koma mukadula chopingasa, iii, imeneyo ndi mphira. Zidutswa zikhale zofanana utali musanasoke, mubaye mapini kumutu, pakati ndi kumapeto. Ena amasoka kaye nkudula zotsala pambuyo, eti kufulumira. Ine ndimakana, pamenepo ndi pomwe nsalu ina imatamuka osadziwa.

Pa simbi ndiye ambiri timalakwa. Timakhwekhwereza ngati tikusita malaya a abambo opita nawo kutchalitchi. Ayi, ikani simbi pa msoko, dikirani pang'ono, nyamulani, ikani pena. Yamakala yomweyi imatha, bola isatenthe kwambiri.

Amene mumasoka pamanja, musadandaule, timano mulibe. Inu samalani ulusi, musaukoke mpaka nsalu kuchita makwinya.

Chachiwiri ndabwera nacho, chili m'thumbamu. Tikamaliza tichiyale pansi pano muone nokha.