Ndalama yanu igone pomwe mukudziwa, ndipo igone m'dzina lanu

Ambiri mwatipempha ku inbox kuti tiike pano zimene tinalankhula titakumana ndi atsikana pa Boma ku Mulanje. Nazi, monga tinazilankhulira.

Amene mwachokera ku Chitakale, ku Likhubula, ku Nkando, ndi inu amene mwalawirira minibasi kuchokera ku Limbuli ndi ku Muloza, zikomo pobwera.

Tiyambe ndi nkhani ya mnzathu wina wa m'gulu lathu lomwe lino. Watilola kuti tiinene, bola dzina tisatchule. Iyeyu amaoda zitenje kumalire n'kumagulitsa pano pa Boma. Chaka chatha msuweni wake anamulowetsa m'gulu lina la pa WhatsApp. Kumeneko ankati ukaika K20,000 pa app inayake, tsiku lililonse uzilandira K1,000, ntchito yako kungodina mabatani basi. Anaika. Sabata yoyamba K7,000 inalowadi pafoni. Mtima unadumpha. Anatenga mpamba wonse wa geni, K150,000, n'kukabwerekanso K100,000 ku banki mkhonde, n'kuika zonse. Anakokeranso mayi ake aang'ono. Patatha masabata atatu app ija inasiya kutseguka, admin wa gulu lija nambala yake osapezekanso. Chimene chinatsala ndi ngongole ya ku banki mkhonde, ikubereka 20 peresenti mwezi ndi mwezi, komanso mayi aang'ono amene mpaka lero moni amayankha ndi mphuno.

Musamuseke. Mnzathuyu si wopusa, masamu a geni amawadziwa kuposa ambiri a ife. Chimene chinamukankha ndi chomwe chikutikankha tonsefe: ndalama ikusungunuka m'manja. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Tanthauzo lake ndi ili: mitengo ikamakwera choncho, K100,000 imene mwaibisa pansi pa matiresi lero, chaka chikamatha imagula zinthu zimene lero mukanagula ndi K77,000 yokha. Palibe wakuba amene walowa m'nyumba, koma K23,000 yapita. Ndiye wina akabwera ndi nkhani yoti ndalama yako ibereke pafoni, khutu limatseguka lokha. Kufuna kuti ndalama ibereke si kulakwa ayi. Nkhani yagona pakuti ikubereka kuti, m'manja mwa ndani, ndipo m'dzina la ndani.

Ife a kuno tili ndi mwayi woti aphunzitsi athu ali m'munda. Nanazi ukabzala lero umadikira chaka ndi miyezi ingapo usanadye. Tiyi ameneyu wazungulira phiri lathuli amatenga zaka zingapo asanayambe kuthyoledwa bwinobwino. Munthu atabwera kudzakugulitsani mbande ya tiyi yoti muthyola Lachisanu likudzali, mungamuthamangitse ndi chitsulo cha moto. Nanga bwanji akanena bodza lomwelo pafoni timamukhulupirira?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Wina akuti akupatsani 30 peresenti mwezi uliwonse. Mukaika K50,000 n'kuisiya izibereka choncho, miyezi 12 ikamatha yadutsa K1.1 miliyoni. Geni yanji yapadziko lino imene imachulukitsa ndalama ka 23 pachaka? Ikanakhalapo, mabanki onse a ku Blantyre akanatseka zitseko n'kukaima pamzere kumeneko. Ndipo munthu wodziwa chinsinsi choterocho angavutikirenji kukusakani inu pa Facebook chifukwa cha K20,000 yanu? Ndalama imene amakupatsani sabata yoyamba ija si phindu. Ndi ndalama ya mtsikana wina amene walowa pambuyo panu, mwinanso ndi yanu yomwe akukubwezerani pang'ono ngati nyambo. Olowa atsopano akatha, zonse zimagwa. Ku South Africa, komwe ambiri tili ndi abale, kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza anthu pafupifupi 10 peresenti pamwezi kudzera mu bitcoin. Inagwa mu Disembala 2020, mwini wake Johann Steynberg n'kuthawira ku Brazil. Amene analira kumeneko anali anthu a sukulu zawo, a magalimoto awo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndiye tiyambire pati? Osati pa app ayi. Tiyambire pa kope ndi cholembera.

Kwa mwezi umodzi lembani ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngakhale K500 ya bandulo kapena ya kabaza. Ambiri a ife timati sitingasunge chifukwa zimene timapeza n'zochepa, koma sitinawerengepo kuti zikuthera kuti. Amene muli pa geni, mpamba ndi phindu zisagone m'chikwama chimodzi. Mpamba si wanu, ndi wa geni. Dzilipireni malipiro, pa malipiro amenewo ndi pomwe mupatule zosunga, tsiku lomwelo mwalandira, musanagule china chilichonse.

Zosunga zoyambirira zikhale za tsiku la tsoka. Ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa kuti tsoka limabwera bwanji. Mu Malichi 2023 Namondwe Freddy anatigwetsera matope ndi miyala kuchokera m'phiri, milatho inaduka, kwa Muloza kunali kosapitika. Amene anali ndi kangachepe pafoni anatha kugula ufa, kulipira thiransipoti, kuyambiranso geni. Amene ndalama zawo zinali m'chitini m'nyumba, zinapita ndi madzi. Cholinga chikhale kusunga zokwanira kudya ndi lendi ya miyezi itatu, pamalo poti mutha kutapa tsiku lomwelo: ku banki, ku SACCO, kapena pa Mpamba ndi Airtel Money. Ndalama imeneyi siyochitira mwayi. Ndi ndalama yomwenso imapatsa mkazi mphamvu yonyamula chikwama n'kuchoka pamene pakhomo pafika poopsa. Tawaona anzathu akupirira zibakera chifukwa chosowa K10,000 yokwerera minibasi kupita kwawo.

Ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde ibwezeni musanaganize zoika ndalama kwina. Palibe njira yovomerezeka imene ingakupatseni phindu loposa 20 peresenti pamwezi imene ngongoleyo ikukudyani. Ndipo chonde, osabwereka ndalama kuti mukaike pa intaneti. Banki mkhonde sitikuinyoza, yatiphunzitsira ana ndi kutifolerera nyumba. Koma tonse tikudziwa zimene zimachitika mu Disembala nthawi yogawana, msungichuma akayamba kudwaladwala, bokosi n'kupezeka lopepuka. Ndalama za gulu zikachuluka zikagone ku banki, osainira akhale atatu, ndipo inu musaike zanu zonse kumeneko.

Zimenezi zikakhala m'malo, tsopano tikambe zobereketsa ndalama. Njira zenizeni zilipo, ndipo zina zili pafoni yomweyo.

Pali fixed deposit ku banki, pomwe mumagwirizana kuti ndalama simuikhudza kwa miyezi yakutiyakuti, iwo n'kukuuziranitu chiwongoladzanja. Pali ma SACCO, amene ambiri ali pansi pa MUSCCO, komwe mumakhala membala, kusunga ndi kubwereka pa chiwongoladzanja chotsikirapo. Pali ma Treasury Bill, kumene mumakhala mukubwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364. Palinso ma unit trust. Apa anthu ambiri amasonkha ndalama m'thumba limodzi, akatswiri a kampani yovomerezeka n'kumaziika m'malo osiyanasiyana, phindu n'kugawidwa malinga ndi zimene aliyense anaika. Mpamba Fesa, ya Old Mutual ndi TNM Mpamba, ndi chitsanzo cha unit trust yoti mutha kuyamba ndi ndalama yochepa muli pakhonde panu. Sitikutsatsa malonda a wina aliyense pano, palibe watilipira. Tikungofuna mudziwe kuti zoterezi ziliko, mukafunse nokha, muyerekeze.

Kenako pali masheya. Ambiri timaganiza kuti zimenezi ndi za abwana a matayi. Ayi ndithu. Msika wa masheya, Malawi Stock Exchange, uli ku Blantyre konkuno, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Lero kuli makampani amene timawapatsa ndalama zathu tsiku ndi tsiku: Airtel, TNM, Illovo ya shuga, National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Press Corporation. Kugula sheya ndi kugula kachidutswa ka kampaniyo. Ikapanga phindu imatha kukugawirani, ndipo mtengo wa sheyayo ukakwera mutha kugulitsa n'kupindula. Mu Febuluwale 2020 Airtel Malawi italowa pamsikawu, sheya imodzi inali K12.69. Amene anaika K50,000 anapeza masheya oposa 3,900, ndipo patatha zaka zinayi mtengo wake unali utakwera kuposa kanayi. Zaka zinayi, achemwali, osati masiku anayi. Masheya sagulidwa kwa mnyamata wa pa TikTok. Mumapita kwa stockbroker wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndi chiphaso chanu cha unzika, n'kutsegula akaunti m'dzina lanu.

Koma timveni bwino apa. Masheya amatsikanso, ngakhale a makampani otchuka, ndipo amatha kukhala pansi zaka. Pena ukafuna kugulitsa wogula sapezeka tsiku lomwelo. Fizi ya mwana ya teremu ikubwerayi isapite kumeneko. Ikani ndalama yokhayo imene mungathe kuiiwala zaka zitatu kapena zisanu. Ndipo dziwani kuti chiwongoladzanja chikakhala chotsika kuposa mmene mitengo ikukwerera, ndalama yanu ikuchepabe mphamvu, kungoti pang'onopang'ono kusiyana ndi ya pansi pa matiresi. Amene akukuuzani zoona amanena zimenezi poyera. Wakuba yekha ndi amene amalumbira kuti simungaluze.

Musanatumize ngakhale K1,000 kulikonse, funsani mafunso awa. Kodi muli ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi? Mabanki, ma SACCO, makampani a inshuwalansi, a ma unit trust ndi ogulitsa masheya onse amayang'aniridwa kumeneko, ndipo chithunzi cha setifiketi chotumizidwa pa WhatsApp si umboni, katsimikizeni nokha. Phindu lanu limachokera kuti? Akalephera kufotokoza m'Chichewa chomveka, thawani. Ndikafuna ndalama yanga ndidikira masiku angati, ndipo mundidula zingati? Ndalamayi ndikuitumiza ku akaunti ya kampani kapena ku nambala ya munthu? Kodi kuti ndipindule ndiyenera kubweretsa anzanga? Yankho likakhala eya, katundu amene akugulitsidwa pamenepo ndinuyo. Akamakufulumizitsani kuti mwayi utha lero pakati pa usiku, dziwani kuti akuopa kuti mungagone n'kuganiza. Safunsa anadya phula.

Tsopano nkhani imene ife yatikhudza kwambiri. Kuno kwathu munda ndi wa mbumba. Mwamuna amabwera chikamwini, amalima, amadya nawo, koma agogo athu sankalola kuti munda uchoke m'manja mwa mwana wamkazi. Ndiye zikutheka bwanji kuti ife zidzukulu zawo, a sukulu zathu, tikusunga ndalama pa SIM yolembetsedwa ndi chiphaso cha chibwenzi? SIM ikakhala m'dzina lake, tsiku limene mwayambana akhoza kukaitseketsa n'kutenga ina ya nambala yomweyo, inu n'kutsala ndi foni yopanda kanthu. PIN si umboni wa chikondi. "Ngati umandikonda undiuze PIN" ndi mawu a munthu amene akuwerengera ndalama yanu. Musaiuze bae, musaiuze agent, musaiuze amene waimba foni n'kumati ndi wa ku kampani kapena wakutumizirani ndalama molakwitsa. Chaka chanu chobadwa si PIN, aliyense amachidziwa.

Malamulo ali mbali yathu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu wake, payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya ayi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za pachuma ngati nkhanza ndithu, ndipo mutha kukadandaula ku Victim Support Unit kupolisi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma lamulo limateteza bwino chinthu chimene chili ndi pepala. Sungani malisiti ndi mauthenga. Mukamatsegula akaunti lembani bwino dzina la amene adzalandire inu mutachoka, ndipo munthu mmodzi amene mumamukhulupirira adziwe kuti mapepala ali pati. Kusunga limodzi ndi amuna anu si kulakwa, bola mayina onse awiri aoneke papepala, ndipo kathumba kanu ka tsiku la tsoka kakhalebe kanu.

Mnzathu uja wamaliza kubweza ngongole yake mwezi wathawu. Zinamutengera miyezi 9. Pano akupatula K5,000 Lachisanu lililonse, pa nambala ya dzina lake, ndipo akuti ikakwana ya miyezi itatu akufuna timuperekeze ku Blantyre akafunse za masheya. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tisanakumanenso mwezi wamawa, aliyense achite zitatu izi: atsimikize kuti SIM yake ili m'dzina lake, asinthe PIN, ndipo ayambe kope lija. Amene muli m'gulu la pa WhatsApp lofanana ndi lija tanenali, musachite manyazi, tikumane pambali tikamaliza, tione limodzi mmene mungatulukire musanaikenso ina. Amene munakokera mnzanu kumeneko, muimbireni lero lomwe.

Tsopano manja m'mwamba, mafunso abwere.