KUFUKULA MUZU WA VUTO PAMODZI



Mjigo ukafa m'mudzi msonkhano suchedwa kuitanidwa, koma kawirikawiri anthu amabalalika dzuwa litapendeka atangolozana zala. Ena amati ana ndiwo amapopa mwaphuma, ena amakaikira msungichuma, pamene ena amati boma lawaiwala. M'mawa mwake amayi amabwerera kudambo ndi ndowa zao. Msonkhano wotere wapeza munthu womunena, koma sunapeze chimene chinapha mjigo.

Ilipo njira yothandiza anthu kuganiza pamodzi, yotchedwa mtengo wa mavuto, imene bungwe la ku Germany la GTZ linafalitsa m'zaka za m'ma 1980 pokonza ntchito za chitukuko. Mtengowo umajambulidwa pansi pabwalo, ndipo mfundo iliyonse imaimiridwa ndi mwala, tsamba kapena chitsononkho, kuti ngakhale osadziwa kuwerenga atengeko mbali. Thunthu ndilo vuto lenileni, mizu ndiyo zoyambitsa, nthambi ndizo zotsatira.

Ntchito yoyamba ndiyo kugwirizana za thunthu. Gulu likanena kuti vuto ndi kusowa kwa mjigo watsopano, nkhani yatha isanayambe, pakuti chotsala ndi kudikira wodzakumba. Koma likanena kuti mabanja akumwa madzi a kudambo, pamakhala zambiri zoti zifufuzidwe.

Pofukula mizu, chimathandiza ndi chizolowezi chimene Taiichi Ohno anaphunzitsa m'mafakitale a Toyota ku Japan: kufunsa kasanu kuti "chifukwa chiyani?" Anthu akumwa madzi a kudambo chifukwa chiyani? Mjigo sutulutsa madzi. Chifukwa chiyani? Labala wa m'kati anaperepeseka. Sanasinthidwe chifukwa chiyani? Thumba la komiti linali lopanda kanthu. Chifukwa chiyani? Mabanja analeka kusonkha. Nanga analekeranji? Papita miyezi yambiri komiti isanawerenge poyera ndalama zimene inalandira ndi zimene inagwiritsa ntchito.

Apa muzu waoneka, ndipo suli m'chitsulo ai. Mjigo wa mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chinali ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, unapangidwa dala kuti eni mudzi aziukonza okha. Chimene chinafa poyamba ndi kukhulupirirana, ndipo mudzi wotere ngakhale utalandira mjigo wina, nawonso udzafa imfa yomweyo.

Mizu ikachuluka, ena amagwiritsa ntchito chithunzi cha minga ya nsomba, chimene Kaoru Ishikawa, wa ku Japan komweko, anatchukitsa m'zaka za m'ma 1960. Vuto limalembedwa kumutu kwa nsomba, ndipo munga uliwonse umasenza zoyambitsa za mtundu umodzi: za anthu, za zipangizo, za ndalama, za malo. Motero palibe mbali imene imaiwalika.

Nthambi nazo ziyenera kuwerengedwa mosadumpha. Atsikana amachedwa kusukulu chifukwa cha mtunda wa kudambo, ana amatsekula m'mimba, ndipo ndalama za feteleza zimathera paulendo wa kuchipatala. Pamwamba pa zonsezi pali kolera, amene mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino. Banja limene laona nthambi zimenezi zitayalidwa pansi silivutikanso kumvetsa chifukwa chake liyenera kusonkha.

Komabe njira zonsezi n'zachabe ngati olankhula ali atatu okha. Amayi, amene amadziwa tsiku limene madzi anayamba kuchepa, ndi bwino ayambe akambirana paokha, achinyamatanso paokha, kenaka mitengo yao iyerekezedwe pabwalo. Mfumu ilankhule pomaliza, chifukwa ikayamba ndiyo, ena onse amangovomera. Posankha muzu woyamba kuudula, munthu aliyense apatsidwe njere za chimanga zofanana ndi za mnzake, aziike pamuzu umene akuuona kuti ndi waukulu.

Pomaliza, msonkhano usabalalike muzu uliwonse usanapatsidwe mwini wake ndi tsiku lake: wokagula labala, woitana mmisiri, ndi tsiku limene buku la ndalama lidzawerengedwa pamaso pa onse. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Koma mitu yambirinso silisenza, ngati sinagwirizane mbali yoti inyamulire.