Mau a Mphunzitsi pa Tsiku la Yubile: Za Miyala ya Cikumbutso

Pa tsiku lino la Yubile tikumbukila nchito za amene anatitsogolera. Cifukwa cace ndifuna kunena za zikumbutso ziwiri, cina ca kutali, cina ca kuno kwathu ku Mwanza.

Muyambe mwamva za John Chilembwe, amene anakhazika misyoni yace pa Mbombwe, ku Chiradzulu, m'caka ca 1900. Masiku amenewo anthu a pa minda ya Azungu analikulima thangata, ndipo munthu wakuda pokomana ndi Mzungu anayenera kubvula cipewa cace. M'caka ca 1914 Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times, nadandaula kuti anthu osauka alikufa pa nkhondo imene sanaiyambe. Boma silinamvere. Pa 23 Januwale 1915 anthu ace anauka, napha William Jervis Livingstone pa Magomero pamodzi ndi Azungu ena awiri. Asilikari anagumula chalichi cace ca njerwa, ambiri anapacikidwa kapena kuombeledwa, ndipo iye mwini anaphedwa pa 3 Febuluwale ku Mulanje, pafupi ndi malire.

Boma linayesa kuti lafafaniza dzina lace, koma panatsala cithunzi ca 1914, m'mene Chilembwe aimirira pamodzi ndi mmisyonare John Chorley, cipewa ciri kumutu. Patapita zaka zoposa 100, mmisiri wa kwathu, Samson Kambalu, anatenga cithunzi cimeneco naumba cifanizo, cimene cinaimikidwa m'caka ca 2022 pa bwalo la Trafalgar Square mu London, nicikhala pomwepo kufikira 2024. Iye anakuza msinkhu wa Chilembwe, nacepetsa wa Chorley. Taonani, m'mudzi waukulu wa iwo amene anamlamulira, munthu uja anaima osabvula cipewa. Ife Akristu sitiyamika mwazi umene unakhetsedwa pa Magomero, iai. Koma sitingakanenso kuti nkhanza ndiyo inabala mkwiyo umenewo.

Tsono musayese kuti nkhanza iri ndi khungu limodzi. M'mwezi wa Meyi 1983, dziko litadzilamulira pafupifupi zaka 19, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba, natengedwa kudza ku Thambani, m'dziko lathu lino. Boma linalengeza kuti anafa pa ngozi ya galimoto pothawa kunka kunja. Anthu anakhala cete zaka zambiri cifukwa ca mantha, kufikira mabishopu analemba kalata yao ya pa 8 Marichi 1992, imene inawerengedwa m'machalichi nimasula malilime. M'caka ca 1994 bungwe lofufuza linapeza kuti anai aja anaphedwa ndi apolisi, ndipo galimoto inangokankhidwira kuphompho. Dr. Banda ndi anzace anaimbidwa mlandu, koma bwalo linawamasula m'Disembala 1995. Pa Thambani panaimikidwa cipilala, ndipo ndico mboni imene yatsala pamalopo.

Abale, cifanizo kapena cipilala sicibweza wakufa, ndiponso siciweruza mlandu. Nchito yace ndiyo kuutsa funso m'kamwa mwa mwana. Mukumbukila kuti Yoswa anaimika miyala 12 ataoloka Yordano, kuti ana pofunsa tanthauzo lace, makolo awafotokozere. Mwala ukasowa wofotokoza, usanduka mwala wacabe, ndipo udzu uubisa.

Cifukwa cace ndikupemphani, inu akatekisti ndi aphunzitsi anzanga, phunzitsani ana maina awa. Powaonetsa nkhope ya Chilembwe pa ndalama ya pepala, ndi pofika tsiku lace la 15 Januwale, muwauze za thangata ndi za cipewa cija. Mupite nao ku Thambani, mulambule pa cipilala, mupempherere akufa ndi mabanja ao, ndiponso iwo amene anawapha. Muwauze zoona zokha, osaonjeza ndi osacepetsa, pakuti mwana wophunzira udani adzabwezera coipa, koma wophunzira coonadi adzadziwa kukana pamene wamkulu amtuma kucita cosalungama. Ena mwa ana amene akhala pansi pano adzakhala apolisi, akalaliki a Boma ndi mafumu. Cimene adzacite tsiku limenelo ciyamba ndi cimene tiwaphunzitsa lero.

Mulungu adalitse misyoni yathu, nasunge dziko lathu mumtendere.