Magetsi a Papolo Si a Batire

Mapolo a pulogalamu ya magetsi akumidzi ya MAREP mwawaona, thiransifoma aikweza kale pafupi ndi sukulu. Uthenga umene ndabweretsa ndi umodzi: nyumba iliyonse imene yalembetsa ikhale itapangidwa wayaring'i ndi munthu wa chiphaso cha bungwe loyang'anira za magetsi la MERA tsiku loyatsa lisanafike. Pasatsale nyumba ngakhale imodzi.

Ndifunseko kaye, panopa mumaunikira chiyani? Sola, matochi, ena batire la galimoto. Chabwino, tipitirire.

Magetsi akubwerawa ndi AC, 230 volts, 50 hertz. Volts ndi mphamvu imene imakankha magetsi m'waya. Ambiri mwa magetsi athu amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene madzi a Shire amazunguza makina a EGENCO. Magetsi a AC amenewa sayenda mbali imodzi. Amapita n'kubwerera, ngati sowo ya anthu awiri ocheka matabwa, maulendo 50 pa sekondi iliyonse, ndipo 50 hertz ija ndi imeneyo. Kupita n'kubwerera kumeneku n'kumene kumathandiza thiransifoma kutsitsa 11,000 kapena 33,000 volts ya mawaya a pamwamba aja kufika pa 230 yolowa m'nyumba mwanu.

Mukagula chipangizo, chitembenuzeni muwerenge kumbuyo. Tchaja ya foni nthawi zambiri imalembedwa 100-240V, imeneyo ilibe vuto. Koma chimene chalembedwa 110V kapena 120V yokha anachipangira maiko ngati America. Mukachilowetsa kuno chimangotulutsa utsi, ndalama zapita.

Izi n'zazing'ono. Kumene tinayamba kuyatsa ndinaonako zoopsa. Wina anakokera mnzake magetsi ndi kawaya ka sipika, n'kukakwirira pansi kudutsa pabwalo. Mvula itagwa, nthaka yonyowayo inayamba kugwira ana oyenda opanda nsapato. Kwina analumikiza mawaya n'kumanga ndi pulasitiki ya shuga m'denga la udzu. Polumikizapo panatentha usiku, nyumba inapsa pamodzi ndi matumba a chimanga a chaka chonse.

Bambo kumbuyoko mwakweza mawu, ndakumvani. Akuti mwana wawo ndi amene anawaikira sola, mawaya amawagwira ndi manja zaka zonsezi osamva kanthu, ndiye alipirirenji munthu wina? Ndaona ambiri mukugwedeza mitu kuvomereza, choncho tiime pomwepa.

Bambo, simukunama. Batire lanu ndi la 12 volts, ndipo magetsi ake ndi DC, oyenda mbali imodzi. Mphamvu imeneyo siikwanitsa kudutsa khungu louma. Ya papolo ikuposa pamenepo pafupifupi ka 20. Ikakugwirani imakungitsa minofu ya dzanja, zala zimafumbata wayayo, mumafuna kusiya koma dzanja limakana. Ikadutsa pachifuwa imasokoneza kugunda kwa mtima. Manja onyowa kapena kuponda pansi opanda nsapato, ndiye zimafika poipa msanga. Mawaya opyapyala a sola aja sanapangidwire ntchito imeneyi. Chizolowezi chogwira waya ndi manja ndi chimene ndikuopa kwambiri pamudzi pano.

Mukuti ndalama zikuchepa? N'zoona, wayaring'i imadula. Koma taonani chimene mukulipira. Pulagi iyi ndaitsegula. Waya wa bulauni ndi wamoto, wabuluu ndi wobwerera, uyu wobiriwira ndi chikasu ndi wa earth. M'nyumba zakale mupeza wofiira ndi wakuda. Wa earth amakathera pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka panja pa nyumba. Waya wamoto akakhudza thupi la ayironi kapena firiji, magetsi amathawira m'waya wa earth, bureka imagwa, mayi akusita zovala amapulumuka. Nyumba yopanda earth mababu amayaka bwinobwino, moti simungadziwe kuti chilipo chosowa mpaka tsiku la ngozi. Wachiphaso ali ndi chida choyezera zimenezi, ndipo amasainira ntchito yake a ESCOM asanalumikize.

Mwana wanuyo sitikumunyoza, luso ali nalo. Ayende ndi wachiphaso ngati wothandizira, kenako akaphunzire kusukulu ya ntchito zamanja, mawa adzakhale wopanga wayaring'i wa dera lino. Pa nkhani ya mtengo, gwirizanani nyumba zingapo muitane munthu mmodzi, mugulire zipangizo pamodzi, thiransipoti ichepe. Akabwera, muuzeni akuonetseni chiphaso asanakhome msomali.

Ndipo wina akagwidwa ndi magetsi, musamukoke ndi manja. Thimitsani swichi yaikulu, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, n'kuthamangira naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

A Gulupu, ndikupempha kuti onse amene sanapangitse wayaring'i alembetse maina kwa alembi a komiti ya chitukuko tisanabalalike. Bambo kumbuyoko, tiyambe ndi inu.