Masiku atatu pa Shire, kuchokera ku Liwonde kukafika ku Matope

A Wapampando, aphunzitsi athu opuma, anzanga nonse amene tinkalimbirana nyemba zofumbwa pa sukulu ija, zikomo pondipatsa mpata.

Mwandipempha kuti ndifotokoze za ulendo umene ena mwa inu mwakhala mukuutcha misala. Mwezi wa May, mvula itatha, chimanga chitauma m'minda, ndinatenga tchuthi ku ntchito, ndi kubwereka kabwato ka pulasitiki ka munthu mmodzi kamene azungu amati kayak. Mayi a kunyumba ku Chilomoni anangofunsa funso limodzi: "Kodi ng'ona mwagwirizana nazo?"

Ndinayambira ku Liwonde, kumunsi kwa Kamuzu Barrage imene anamanga mu 1965 kuti izilamulira madzi a mu mtsinjewu. Kumtunda sindinayerekeze, pakuti kumeneko ndi kumalo osungirako nyama, ndipo mvuu zake sizidziwa digiri ya munthu. Katundu wanga anali tenti, bulangete, kampoto, ufa, mchere, machesi ndi nkhafi yapadera.

Shire wa m'mawa nthawi imeneyi ndi wokongola zedi. Nkhungu imagona pamadzi kufikira dzuwa litakwera, akakowa ali ndandanda m'mabango, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo wouma. Madzi amakutengani okha. Nkhafi ndi yongowongolera. Koma masana mphepo ya mwera inkawomba kumaso kwanga, ndipo mapewa a munthu wozolowera kunyamula mafayilo anayamba kudandaula.

Usiku woyamba ndinalakwitsa. Ndinakhoma tenti pa mchenga wosalala pafupi ndi madzi. Msodzi wina wachikulire podutsa anaima nati, "Bambo, mwagona pa msewu wa eni ake." Anandilozera mapazi a mvuu amene ine ndinkayesa maenje wamba. Ananditengera kumtunda, kwa amfumu, kumene ndinagona pansi pa mlambe nditadya nsima ya makumba owamba. Pakati pa usiku ndinamva mvuu zikufwenthera cha komwe ndinakhoma tenti poyamba paja. Tulo sitinabwerenso.

Tsono chimene chandiimitsa pano ndi ichi. Tsiku lachiwiri, cha ku Shire North kumene njanji imawoloka mtsinje, ndinayamba kuona magombe ogumuka, minda yolimidwa mpaka m'madzi, ndi utsi wa mauvuni a makala patali. Pamene Rivirivi amathira mu Shire, kabwato kanga kanatitimira mu mchenga malo amene ndinkayembekeza madzi akuya, ndipo ndinatsika n'kukakoka, mtima uli m'mwamba kuopa ng'ona. Namasupuni naye ankayandama pambali panga ulendo wonse ngati tinapangana.

Anzanga, madzi amene timatunga pa mpopi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, ochuluka ake amapopedwa mu Shire yemweyu, pa Walker's Ferry. Magetsi athu amachokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kumunsi kwa kumene ndinadutsa. Matope ndi zinyalala zimene ndinaona zimakathera m'makina a kumeneko. Magetsi akazima ife timathamangira thumba la makala, ndipo ogulitsa amakadulanso mitengo ina. Ine ndemwe ndimagula thumba limodzi mwezi uliwonse, choncho sindikuloza munthu chala. Mukukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira.

Ndinatsikira pa Matope tsiku lachitatu. Kale sitima za nthunzi zochokera ku nyanja zinkathera pomwepa, chifukwa kumunsi kuli mathithi otsatizana mpaka ku Kapichira, kumene David Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake mu 1859 akuchokera kumunsi. Kabwato tinakakweza pa lole ya matumba a nandolo, ine pamwamba pake, manja ali matuza okhaokha.

A Wapampando, pa ndalama zathu za chaka chino ndikupempha kuti tipatuleko zogulira mbande za mitengo, ndipo tikakambirane ndi amfumu amene anandisunga aja za malo odzalapo m'mbali mwa mtsinje mvula ikayamba. Amene akufuna kupita nawo alembetse kwa mlembi tisanabalalike.