Mtondo wa Pabwalo

Munthu wocoka ku Lusaka kumka ku mlatho wa Luangwa, akafika m'dziko la mfumu Mpanshya, aona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa mseu. Rufunsa linakhala boma palokha, koma mitengo yace irikuthera m'mbaula za m'tauni.

Mwamuna wina, atabwerako ku migodi ya Nkana, anapeza citsa cokha pamene panali mtondo wa pabwalo la malemu amace. Sanakalipire munthu, pakuti adziwa kuti njala ndiyo inagwira nkhwangwa. Anatola khala, nang'amba pepala la thumba la simenti, nayamba kulemba mtengowo monga anaukumbukira: thunthu lopendekera kumadzulo, nthambi imene anagwapo ali mwana, ndi mtondo wosinjira woyedzamira pa muzu. Masamba sanavutike nao. Anangosisita ndi cala.

Sicinali cithunzi cokongola, ndipo nthambi zina zinaposa muyeso. Koma mlongo wace, pociona, analoza pansi pa mthunzi nati, "Acimwene, mwaiwala mphasa ya amai." Tsono iye anailembapo.